Gitala ya Khosi Laliwisi

Ennie anakumana ndi Philemon chifukwa cha thabwa.

Unali m'mawa wozizira wa mu Juni, pa renki ya makombi opita ku Kuwadzana. Ennie anali atakumbatira thabwa lofiira la mlombwa, lomufika m'mapewa, limene bambo Lameki, omwe ankamuphunzitsa kupanga magitala, anamutuma kukatenga kwa ocheka matabwa ku Mbare. Hwindi woitanira anthu pakhomo pa kombi anangoliyang'ana kamodzi n'kunena m'Chishona kuti chimtengo chimenecho chiswa mawindo, mwiniwake ayende nacho pansi.

Ennie sanabadwe ndi mtima wautali. Anatembenukira kumbali n'kung'ung'udza m'Chichewa, poganiza kuti palibe amene amve, kuti munthu wa mutu ngati dzungu lofota angadziwe chiyani za mitengo.

"Musatero achemwali, dzungu silinalakwe kanthu," anatero wina kumbuyo kwake.

Chichewa pakati pa Harare, pakamwa pa mnyamata wa jekete yachikopa! Ennie ankachimva kwa amayi ake ku Hopley, kutchalitchi ndi kwa bambo Lameki basi. Anzake amsinkhu wake anachisiya kumafamu kumene makolo awo anachotsedwa. Manyazi anamugwira mpaka anasowa poyang'ana.

Mnyamatayo anamunyengerera hwindi uja, analowa, n'kuligoneka thabwalo pamiyendo pake. Anati dzina lake ndi Philemon, agogo ake anachokera ku Ntcheu kudzagwira ntchito yanjanji, ndipo iye amachita lendi kachipinda ku Warren Park n'kumaimba m'maukwati ndi gitala yobwereka. Atamva kuti mtsikana wakhala pambali pakeyo akuphunzira kupanga magitala, maso ake anawala. Kombi inafika pa Warren Park, hwindi anaitana, koma Philemon anangokhala phee.

"Si pano mumatsikira?" anafunsa Ennie.

"Lero ndikuperekeza thabwa," anayankha.

Madzulo a tsiku lomwelo foni ya Ennie inalira. "Mlombwa wafika bwino? Mwiniwakeyo ndiye wandisiya wosazindikira njira yakwathu." Ennie anauwerenga uthengawo kambirimbiri, mpaka amayi ake, mayi Magret, anamufunsa ngati foniyo yayamba kugawa shuga.

Malo ogwirira ntchito a bambo Lameki anali kashedi kamalata kuseri kwa nyumba yawo ku Kuwadzana, konunkha guluu ndi utuchi. Mdalayo anayambira kufamu ya fodya ku Banket, akupanga mabanjo a zigubu za mafuta, nsambo zake mawaya a mabuleki a njinga. Tsopano anthu ankachokera kutali kudzagula magitala ake. Mdalayo anamutenga Ennie atamuona akugulitsa maputi, chimanga chokazinga, pageti, tsiku ndi tsiku akusuzumira m'shedimo kuiwala makasitomala.

Anali munthu wosalankhulalankhula, koma malamulo ake awiri sankasuntha. Loyamba, thabwa lililonse latsopano linkagona pamitanda pansi pa denga mpaka dzinja lidutse, chilimwe chidutsenso. Akalitsitsa ankaligogoda ndi chala n'kutchera khutu. Louma limalira ngwee, laliwisi limangoti phi phi. Lachiwiri, gitala yoyamba ya wophunzira sinkatuluka pakhomo. Inkapachikidwa pamsomali wa pakhoma, nsambo zili zokoka, mpaka mvula yoyamba igwe, kuti aone ngati khosi lake lapirira.

Thabwa la mlombwa lija linakwezedwa pamitanda tsiku lomwelo. Ennie anali atayamba kale gitala yake yoyamba, ndipo mimba yake, yopangidwa ndi matabwa ouma amene mdalayo anamupatsa, inali itatsala pang'ono kutha. La khosi anamupatsa mtengo wotuwa mbuu, mwendo wa bedi lakalekale. Wouma bwino, inde, koma wosakongola ngakhale pang'ono.

Koma nanga mtima wa Ennie unalinso pamatabwa? Mauthenga ankabwera m'mawa, masana, madzulo.

"Nsambo yanga, wadzuka bwanji? Popanda iwe ndine gitala yopanda mawu."

"Ndadutsa pa renki paja lero. Ndinafuna kumuthokoza hwindi wa mutu wa dzungu uja."

Loweruka ankakumana ku Warren Park, n'kumadya chimanga chowotcha atakhala pamwala, Philemon akumuimbira motsitsa nyimbo zakale za agogo ake. Ankagwira manja a Ennie okhakhala ndi sandipepa n'kunena kuti manja amenewa sawasinthanitsa ndi a mtsikana aliyense wa muofesi. Ndani sakanakhulupirira? Mwana amene anakulira m'kachisakasa ku Hopley, akunenedwa kusukulu kuti ndi wobwera, lero akuuzidwa mawu okoma m'chilankhulo cha amayi ake!

Chakumapeto kwa Julaye, Philemon anabwera ndi nkhani. Gulu lina loimba la ku Bulawayo linkafuna woimba gitala, koma wokhala ndi chida chakechake. Anati mwayi woterewu subwera kawiri, ndipo akaupeza, umphawi wawo watha. Kenako anafunsa za gitala ya Ennie ija.

Ennie anamufotokozera za lamulo la msomali, namuonetsa pafoni chithunzi cha mwendo wa bedi uja. Philemon anaseka mpaka misozi.

"Nsambo yanga, ndikaime pamaso pa anthu ndi mwendo wa bedi? Khosi lake likhale la thabwa lathu lija, limene linatikumanitsa. Ndikamaligwira ndizimva ngati ndagwira dzanja lako." Anasiya kuseka, namuyang'ana m'maso. "Ndikulonjeza, mvula yoyamba isanagwe, amalume anga adzagogoda pakhomo pa amayi ako."

Mawu amenewo anamusowetsa mtendere Ennie. Ankati akamapala thabwa, maso ali kudenga. Akamadya, chakudya osachimva kukoma. Ndiye ngati kuti zinachita kupangana, bambo Lameki analandira foni yoti mchimwene wawo wadwala kwambiri ku Banket. Anamusiyira Ennie makiyi a shedi, n'kumuuza kuti azisesa ndi kupala khosi lake pang'onopang'ono.

Tsiku lotsatira Ennie anakwera pampando n'kutsitsa mlombwa uja. Anaugogoda. Phi phi. Anagogodanso pena, kufunafuna pamene pangamunamize. Phi phi. Makutu ake anamva bwinobwino, ndipo palibe anganene kuti sankadziwa. Koma mtima unamuuza kuti mlombwa ndi mtengo wolimba, ndipo mdalayo amangokonda kuvutitsa anthu. Anatenga sowo.

Anagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Anacheka, anasema, anapala, mpaka khosi lofiira psuu linatuluka, losalala, lokongola kuposa lililonse limene anaonapo m'shedimo. Akumalizitsa timitanda ta m'kati mwa mimba ya gitalayo, tchizulo chinaterereka n'kumucheka chala chachikulu cha kumanzere. Magazi anadonthera pakamtanda kamodzi, ndipo tchizulocho chinasiya chibowo pamenepo. Analibe nthawi yosintha. Anamanga chalacho ndi kansanza, namata thabwa lapamwamba, zonse zinatsekeredwa m'kati.

Philemon ataona chalacho anachipsompsona. Anati chipsera chimenecho ndi mphete yake yoyamba, yachiwiri akubwera nayo kuchokera ku Bulawayo.

Chokutira gitala panalibe, ndiye Ennie anakapempha kwa amayi ake. Anawauza zonse za Philemon, kupatula za lamulo la msomali. Mayi Magret anatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje chabuluu cha mbalame zoyera, chimene anavala pachinkhoswe chawo kufamu. Ndi chokhacho chimene anapulumutsa bwinobwino tsiku lomwe anasamutsidwa.

"Mwana wa kwathu ndiye ndavomera," anatero. "Koma chitenjechi ndabwereketsa, sindinapereke. Chibwere ndi ankhoswe."

Philemon ananyamuka ndi gitala yokutidwa m'chitenje, akumubayibitsa pawindo la kombi.

Bambo Lameki anabwerako patapita pafupifupi mwezi. Analowa m'shedi, anayang'ana msomali wopanda kanthu, anayang'ana pamitanda, anaona mwendo wa bedi uli pomwe anausiya. Anatola kachidutswa ka mlombwa pansi n'kukagogoda. Ennie anagwada, nayamba kufotokoza za Bulawayo ndi ankhoswe, mawu akupunthwapunthwa.

Mdalayo sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoti, "Dzuka. Ibwera yokha imeneyo."

Kuyambira tsiku limenelo anamulanda tchizulo ndi sowo, n'kumubwezera ku sandipepa ndi tsache monga mmene anayambira.

Ennie anapirira, poti mauthenga ankabwerabe. "Anthu akuifunsa gitala yako kuno, nsambo yanga. Ndikuwauza kuti inapangidwa ndi mngelo." Koma Seputembala atalowa anayamba kufupika. "Ndatanganidwa wokondedwa." Kenako, "Netiweki." Kenako masiku ankatha osamva kanthu, uthenga wake ukuonetsa kuti wawerengedwa. Akamuimbira, foni inkangolira mpaka kuduka yokha.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Malata a shedi ankachita kulira ndi kutentha, ndipo Ennie anasanduka munthu wosakhazikika. Ankaika foni pabenchi, kuichotsa, kuiika m'thumba, kuitulutsanso. Kombi ikamadutsa pa Warren Park ankasuzumira pawindo, kenako n'kudzitukwana yekha kuti akufunafuna chiyani munthu ali ku Bulawayo. Kodi wadwala? Kodi gulu lija lamuchotsa ndiye akuchita manyazi? Kapena iyeyo ndiye wachulutsa mauthenga mpaka kumutopetsa?

Kunyumba nakonso kunalibe pothawira. Mayi Magret anali atauza kale amayi a chigwirizano kutchalitchi kuti kukubwera alendo, anazira pansi, nagula makapu atsopano. Mitambo ikangochita mdima pang'ono ankayang'ana kumwamba, kenako kumsewu.

Mvula yoyamba inagwa mu Novembala, yamabingu, yosefukira m'ngalande. Pakhomo sipanagogode munthu.

Linali Lachitatu masana, sabata yotsatira, pamene pageti la bambo Lameki panaima mtsikana wina woyera, wovala yunifolomu ya m'sitolo ya mankhwala. Ennie anali akusesa utuchi. Anadzutsa mutu, ndipo chimene anaona koyamba si mtsikanayo ayi. Anaona mbalame zoyera pansalu yabuluu.

Tsache linagwa lokha.

Mtsikanayo anapereka moni mwaulemu m'Chishona, nati dzina lake ndi Tsitsi, amakhala ku Warren Park, ndipo anthu amuuza kuti mdala wa panoyo ndiye dokotala wa magitala. Bambo Lameki anamulozera benchi. Tsitsi anamasula chitenje mosamala ngati akuvula khanda.

Inali yomweyo. Koma khosi lofiira lija linali litapindikira kutsogolo n'kupotoka pang'ono, ndipo nsambo zinali zitakwera moti chala chikanatha kulowa pansi pake. Dzuwa la Okutobala linali litamaliza kuumitsa mtengo umene Ennie sanaudikire.

Tsitsi ankalankhula mosangalala, mawu akuthamangitsana. Anati gitalayo ndi ya bwenzi lake, ndipo ukwati wawo ndi Loweruka lomwe likubwerali. Mwamunayo anaipanga yekha ndi manja ake, miyezi yambiri akusema mobisa, kuti adzamuimbire tsiku lopereka malowolo mu Ogasiti, ndipo azakhali ake onse analira atamva nyimboyo. Anamulonjeza kuti adzamuimbiranso polowa m'holo. Koma chiyambire kutentha gitalayo yakana kulira bwino, ndipo iye waibisa pansi pa bedi, akuti mu Harare monse mulibe amene angaikonze. Ndiye Tsitsi waitenga mwakachetechete kuti amudzidzimutse.

Mu Ogasiti! Mwezi womwewo umene Ennie anaima pa renki akubayibitsa kombi. Bulawayo wake anali Warren Park yomweyi, imene ankaidutsa m'mawa ndi madzulo.

Ennie anagwira benchi. Mtima unamupweteka kwenikweni, ngati tchizulo chija chalowanso, ulendo uno pachifuwa. Anafuna kukuwa, anafuna kuthawa.

Bambo Lameki anaitembenuza gitalayo, anayang'ana khosi lake ndi diso limodzi, n'kuiika pansi. Sanamuyang'ane Tsitsi.

"Yabwera," anatero kwa Ennie m'Chichewa. "Mwiniwake ndiwe. Lankhula."

Ennie anafunsa m'Chishona dzina la mwamunayo, ngakhale ankalidziwa, ndipo Tsitsi analitchula akumwetulira. Kenako Ennie anamasula nsambo ziwiri zapakati, namupempha kuti alowetse dzanja pabowo la gitalayo, apapase kumtunda chakumanzere, pakamtanda kachiwiri. Anamuuza kuti apeza chibowo chokwana nsonga ya chala, ndipo akaunika ndi foni aona banga lakuda.

Tsitsi anaseka posamvetsa, koma analowetsa dzanja. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono. Anaunika ndi foni, nasuzumira, nakhala choncho nthawi yaitali.

Ennie anatambasula chala chake chachikulu, chipsera chili poonekera.

"Magazi amenewo ndi anga, asisi. Chitenjecho ndi cha amayi anga. Anandiuza kuti akupita ku Bulawayo, akabwerako atumiza amalume ake kwathu."

Tsitsi sanatsutse, sanatukwane. Anakhala pansi pa mulu wa matabwa, n'kumuimbira Philemon foni, naitsegula kuti onse amve. Inangolira kamodzi. Kamodzi kokha, foni yomwe Ennie ankaiimbira mpaka kuduka yokha!

Mawu a Philemon anatuluka okoma ngati kale, akumutcha Tsitsi nsambo yake m'Chishona. Ngakhale dzina lomwelo sanavutike kupeka lina. Tsitsi anamufunsa modekha kuti khosi la gitala ija analipanga ndi mtengo wanji. Philemon anaseka, nayamba kuzungulirazungulira, akuti ndi mtengo wina wake wovuta kutchula umene mnzake anamubweretsera kuchokera kunja.

Ennie anaweramira pafoniyo.

"Ndi mlombwa, Philemon. Unaunyamula pamiyendo pako."

 Kenako foni inaduka.

Posakhalitsa ya Ennie inanjenjemera m'thumba, koyamba m'masabata ambiri. "Nsambo yanga, usamve za anthu, ndikufotokozera zonse." Asanamalize kuwerenga, ya Tsitsi nayo inalira. Atsikana awiriwo anangoyang'anana, ndipo panalibe chifukwa choonetsana zimene zinalembedwazo.

Tsitsi anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Mwina posowa chonena, anafunsa ngati gitalayo ingakonzeke. Ennie anayankha zoona, kuti khosi lopindika chonchi siliwongoka. Liyenera kuchotsedwa, kuikapo lina la mtengo wouma, ndipo ikatero ipachikidwe pamsomali mpaka mvula ya chaka chamawa. Za Loweruka aiwale.

"Za Loweruka ndaiwala kale," anatero Tsitsi. Anaimirira, anapinda chitenje chija bwinobwino, nachipereka kwa Ennie ndi manja awiri. Anatuluka pageti wopanda kanthu m'manja, akuimbira azakhali ake.

M'shedi munatsala awiri. Ennie ankadikira mwambi, poti anauyenera, ndipo akanauvomera ngakhale utakhala wowawa bwanji. Koma bambo Lameki anangotsegula bokosi lawo, natulutsa tchizulo chija n'kuchiika pabenchi pafupi ndi mwendo wa bedi.

"Mawa ubwere m'mawa," anatero. "Lero pita kwa amayi ako."

Ulendo wa ku Hopley sunatalikepo chonchi. Kombi inadutsa pa Warren Park, Ennie maso ali pachitenje chili pamiyendo pake. Foni inkanjenjemerabe m'thumba mpaka anaizimitsa. Zomuwawa zinali zambiri, koma chimene chinkamuopsa chinali chimodzi: akanena chiyani pakhomo paja?

Anafika dzuwa likulowa. Mayi Magret anali panja akuchotsa zovala pachingwe, ndipo anaziona mbalame zoyera zija mwana wawo akadali patali. Nkhope yawo inawala. Anaponya zovala m'beseni, anakonza duku, nasuzumira kumbuyo kwa Ennie kuti aone alendo. M'kanjira kamatope kaja munali galu yekha.

Anayang'ananso kachiwiri, mpaka kumsewu. Kenako anayang'ana nkhope ya mwana wawo.

"Amayi, chabwera chokha," anatero Ennie, ndipo mawu anathera pomwepo.

Mayi Magret analandira chitenjecho, anachitambasula, n'kumufunditsa mwana wawoyo m'mapewa monga ankachitira ali wamng'ono kufamu. Ennie analira mokweza, osasamala za anthu oyandikana nawo, amayi ake atamugwira zolimba pakhomo pomwepo. M'nyumba, makapu atsopano aja anali akadali m'katoni yake.